Ufa wa Mapira pa Kasupe wa ku Newcastle

Ndinanyamuka ku Bolton Loweruka loyamba la Febuluwale, nthawi itangokwana seveni koloko m'mawa. Kunja kunali kukadali bii. Mwana wanga Tiyamike, namwino amene anandiitana kudzacheza kuno miyezi isanu ndi umodzi, anandiperekeza kusiteshoni asanakalowe shifiti yake. Tikiti anali atagula kale pafoni, mapaundi makumi anayi ndi awiri kupita ndi kubwera, koma anaisindikizanso papepala chifukwa amadziwa kuti chala changa ndi foni sizimvana.

"Adadi, mwatsimikizadi?" anandifunsa tili papulatifomu. "Anthu ajatu ndi achikunja enieni. Akandifunsa a kutchalitchi ndikati chiyani?"

"Ukati bambo ako apita kukaona mzinda."

"Kukaona mzinda ndi ufa m'thumba la jekete?"

Ufawo unali wa mapira, wodzaza manja awiri, ndipo ndinaugula m'sitolo ya amwenye kuseri kwa nyumba yathu. Ndinkaganiza kuti sanauone.

Wondiitana anali mayi Maureen, mzungu amene ankagwira ntchito ndi Tiyamike asanapume n'kusamukira ku Newcastle. Anabwera kudzationa pa Khirisimasi. Tikudya, ndinawafunsa monga timachitira kwathu kuti amapemphera mpingo wanji. Anaseka, nati iwo ndi anzawo akudzutsa chipembedzo cha makolo awo chimene chinafa kalekale, cha mulungu wamkazi wotchedwa Brigantia, mwini mitsinje ndi mapiri a kumpoto kuno. Anati amakumana pakasupe n'kumuthirira mkaka. Tiyamike anasintha nkhani msangamsanga. Koma ine, mlendoyo potsanzika, ndinamutsatira pakhomo n'kupempha kuti tsiku lina ndidzaone nawo.

Sitima yoyamba inali yaifupi, mphindi makumi awiri basi kufika ku Manchester. Kumeneko ndinakwera yaitali ya ku Newcastle, yonyamuka nthawi itangopitirira eyiti. Ndinapeza mpando wa pazenera. Titadutsa nyumba za njerwa zolumikizana ngati zagwirana pamaliro, sitima inalowa m'phanga la pansi pa phiri, ndipo pagalasi ndinangoona nkhope yanga. Apa ndiyenera kufotokoza chimene nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi inkafuna kwa azungu othira mkaka.

Amayi anga, anaBanda, ali mtsikana anatumikirako ku Msinja, kwa Makewana. Ife sitinkati mulungu wamkazi. Tinkati mkazi wa Chauta, make wa ana onse, ndipo mvula inkadzera mwa iye. Amayi atabwerera kumudzi kwathu, m'mphepete mwa Dzalanyama, ndiwo ankasunga kachisi wa pamudzi. Tsitsi lawo sankameta. Mvula ikachedwa, ankatsogolera akazi kukathira nsembe, ife anyamata n'kumasuzumira patali kuseri kwa tchire.

Ine sukulu ndinayamba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndevu zitayamba kale kumera. Ndinkakhala pabenchi limodzi ndi tiana tofika m'chiuno mwanga, ndipo tinkandiseka kuti ndine mwana wa mayi wa ziwanda. Ndinalowa kalasi ya ubatizo ndi mtima wonse. Palibe mphunzitsi kapena mbusa amene anandituma, zimenezi ndinene poyera. Tsiku lina masana, anthu ali kumunda, ndinatenga chikuni chamoto n'kuyatsa kachisi uja. Munali nsengwa, nsalu yakuda ndi kamtsuko. Udzu wouma sunachedwe.

Amayi sanandikalipire. M'mawa mwake anakhala pakhonde n'kuuza alongo anga kuti awamete mpala, monga timachitira munthu akamwalira. Anapitiriza kundiphikira, anagulitsa mtedza kuti ndipitirire sukulu, koma pemphero la mvula sindinalimvenso pakamwa pawo. Anamwalira ine ndili ku Zomba pantchito ya umesenjala. Mawu oti pepani sindinawanene. Ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, ndaulula machimo aakulu ndi aang'ono, koma tchimo ili limakana kuchoka, chifukwa amene ndinawalakwira sankalowa m'tchalitchi. Ndinkaganiza kuti ngati alipo anthu odziwa kulankhula ndi mayi wa madzi, andionetsa njira yofikira kwa amayi anga m'chinenero chimene iwo angamve.

Ku Leeds kunakwera mayi wina wa zaka za m'ma fote, yunifolomu ya osamalira okalamba ikuonekera pansi pa jekete. Anakhala moyang'anana nane, foni ili kukhutu. "Nili mu train, nizakutumila nikafika," anatero. Nditamva zimenezo ndinalephera kudzigwira.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ah! Ndimwe a ku Malawi, atate? Namvela kalankhulidwe. Imwe mumakamba monga muwelenga Baibo."

Anali wa ku Chipata, ndipo ankapita ku Middlesbrough kumene amagwira ntchito. Anatulutsa zitumbuwa ziwiri m'kapepala n'kundipatsa chimodzi, akudandaula kuti ufa wa kuno ulibe mphamvu. Atandifunsa za ulendo wanga ndinati ndikupita kukapemphera.

"Church iti?"

"Ya pansi pa mtengo. Ya azungu."

Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka munthu wa mpando wa kutsogolo anatembenuka. "Atate, mwasiya mitengo yonse ija ku Malawi, mwakwela ndeke, kuti mukagwade pansi pa mtengo wa azungu? Awe sure. Koma ngati amayankha, muwauzeko za visa yanga. Chabe musapemphe mvula, tapapata. Yakwana."

Anatsika ku York kuti akasinthe sitima. Dzina lake sindinafunse, ndipo mpando wake unakhala wopanda munthu mpaka kumapeto. Ku Durham ndinaona tchalitchi chachikulu pamwamba pa phiri, chonga chinamera pamwalapo. Ndinachiyang'ana mpaka chinabisika, ndikudzifunsa kuti kodi pamalo pamenepo panali chiyani chisanamangidwe, ndipo anayatsa moto wake anali mwana wa yani.

Tinalowa mu Newcastle cha m'ma leveni, powoloka mtsinje pamlatho wautali kwambiri moti ndinagwira mpando. Pasiteshoni ndinagula tiyi wa mapaundi atatu ndi buledi wophwatalala amene iwo amati stottie, m'kati muli nyama ya nkhumba ndi phala la nsawawa. Mayi wogulitsayo anandilankhula mokoma mtima kwa kanthawi ndithu. Ine Chingerezi ndinachiphunzira mochedwa koma ndinachigwira, ndawerenga makalata a boma zaka makumi atatu. Cha mayi ameneyu sindinatolepo ngakhale liwu limodzi. Ndinangoti yes, ndipo zikuoneka kuti ndinavomera supu ya tomato, chifukwa anandipatsanso imeneyo.

Kuchokera apo ndinatsikira pansi pa nthaka kukakwera metro, kasitima ka m'tauni. Bambo wina wonyamula njinga anandithandiza pamakina a matikiti. Masiteshoni atatu okha, ndinafika ku Jesmond. Mayi Maureen anali akudikira panja ndi ambulera yaikulu, atavala nsapato za matope.

"Mr Mbewe, mwafikadi! Ndimaganiza kuti mwana wanu akutsekerani m'nyumba."

"Anayesa," ndinatero.

Tinayenda mphindi khumi ndi zisanu, kudutsa nyumba za anthu olemera, mpaka msewu unatsikira m'chigwa cha mitengo chimene simungaganize kuti chili m'kati mwa mzinda. Mvula inali kuwaza yopanda mawu. Kasupeyo anali kamadzi kotuluka pansi pa mwala wa ndere, kosakwana n'kusambitsa khanda. Pamodzi ndi mayi Maureen panali anthu khumi ndi mmodzi, amuna awiri okha. Anali ndi makandulo m'mabotolo, timaluwa toyera, ndi mkaka wa m'sitolo m'chigubu chake chapulasitiki. Anandilandira bwino. Wina anandipatsa kampando kopinda poona msinkhu wanga.

Tinaima mozungulira. Mayi Maureen anatulutsa pepala lokutidwa ndi pulasitiki n'kuyamba kuwerenga. Ena ankatsatira pamafoni. Mawu anali okoma, onena za kuwala kumene kukubwerera ndi nkhosa zimene zayamba kukhala ndi mkaka. Koma ine ndinkayang'ana pepalalo. Amayi anga sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Atapuma pang'ono ndinawanong'oneza kuti mawuwo anawaphunzitsa ndani.

"Palibe," anayankha motsitsa. "Ndinalemba ndekha Lachitatu. Tili ndi dzina lake pamiyala yakale, ndi chithunzi chake chosema. Zimene ankamuuza palibe anasunga. Timangoyesa."

Ndinali nditayenda ulendo wonsewu kufuna odziwa njira, ndipo ndinapeza amasiye anzanga. Ndinayamba kuganiza za sitima yobwerera.

Kenaka inafika nthawi yothira mkaka. Mayi wina wachitsikana, dzina lake Jess, anatenga chigubu n'kupita kukasupe. M'khosi mwake munali sikafu yofiira ngati magazi, ikulendewera pamwamba pa madzi.

"Iwe! Chofiira ayi!"

Ndinamva mawuwo ndisanadziwe kuti atuluka m'kamwa mwanga. Anali a Chichewa, okweza, ndipo kanenedwe kake sikanali kanga. Ndi mmene amayi ankakuwira mtsikana akayandikira kachisi atavala mkanda wofiira. Anthu onse anaima chilili. Jess anatsala pang'ono kugwetsa chigubu. Ine ndinali nditaimirira, dzanja lili m'mwamba, nkhalamba yachilendo yokalipira mwana wa eni m'dziko la eni, pa mulungu amene sindimudziwa.

Ndinapepesa. Ndinafotokoza m'Chingerezi changa chonjenjemera kuti kwathu chofiira sichifika pamalo a nsembe chifukwa chimaitana mphenzi, kuti lamulolo ndi la kwathu osati la kuno, ndipo andikhululukire. Jess anandiyang'ana, nayang'ana kumwamba, kenaka anavula sikafuyo n'kuikankhira pansi penipeni pa chikwama chake.

"Sindikufuna kuyesa," anatero.

Mmodzi wa amuna aja, wadazi, anakweza buluku lake n'kuonetsa masokosi ofiira. "Nanga ine, bwana, ndifa?"

"Inu imani patali," ndinatero. "Amuna amaima patali ndi kale."

Akazi onse anaseka, ndipo bamboyo anabwerera m'mbuyo manja ali m'mwamba. Mayi Maureen sanaseke. Anapinda pepala lawo n'kuliika m'thumba.

"Chinanso n'chiyani, Mr Mbewe? Amayi anu ankatani?"

Ndinali ndisanawauzepo za amayi anga kupatula kuti ankasunga kachisi. Ndinafuna kunena kuti ndinaiwala. Koma thupi linali litayamba kale. Ndinavula nsapato, ndipo ena anavula nawo pamatope ozizira ngati mpeni. Ndinagwada, mawondo akulira. Ndinawaonetsa kuwomba m'manja kofukata, kosaphulika ngati kwa pamsonkhano, kolira pansipansi kuti phu, phu, phu. Ndinatulutsa ufa uja. Ufa wa nsembe suwazidwa. Umathiridwa pang'onopang'ono pakati pa zala, pamalo amodzi, kuti uunjikane ngati kachulu. Kachuluko kakaima, nsembe yalandiridwa. Kakagumuka, mwakanidwa.

Ndikuthira, mawu anabwera okha.

"Inu make ana, tabwera chokwawa. Kukhosi kwauma, mbewu zagona. Vundukulani mtsuko wanu, ana amwe."

Pamenepo ndinalekeza. Apa ndi pamene akazi ankayankha, amayi n'kupitiriza, iwo n'kuyankhanso, mpaka dzuwa kupendeka. Koma kuseri kwa tchire kuja kunkafika mawu oyamba okhawo, okweza. Otsatira ankanenedwa chapansi, mitu itawerama. Ndinafufuza m'mutu monse, ndinapeza mbuu. Azungu khumi ndi mmodzi ankawombabe m'manja mofukata, akudikira.

Ndiye ndinangonena zanga. "Amayi, ndine Chatsalira." Limeneli ndi dzina limene anandipatsa iwo, limene ndinalitaya pa ubatizo. "Kachisi uja ndinatentha ndine. Munkadziwa. Pepani, amayi."

Ndinayang'ana ufa. Mvula inali itaunyowetsa ndikuthira, moti sunaime ngati kachulu ndipo sunagumuke. Unangomatirira pamwala ngati phala la mwana. Lamulo la amayi silinanenepo za ufa wothiridwa mvula ikugwa, pakuti kwathu munthu sankathira nsembe yotere kumwamba kukudontha. Anandidzutsa anthu awiri, wina uku wina uku. Jess anathira mkaka wake, ndipo mwambo unatha ndi mabisiketi.

Cha m'ma thu koloko tinakhala m'kanyumba ka tiyi m'chigwa momwemo, mapazi akubwerera pang'onopang'ono. Ndinawafotokozera mayi Maureen nkhani yonse. Kenaka ndinafunsa chimene ndinadzera.

"Mayi wanu wa madziyu amakhululuka? Angandifikitsire mawu?"

Anazunguza supuni m'kapu nthawi yaitali. "Ndikanama ndikati ndikudziwa. Ine ndine namwino wopuma ntchito. Masiku ena ndikaima pamadzi paja ndimamva kuti pali wina. Masiku ena ndimangomva kuzizira kumapazi. Sindingakukhululukireni m'malo mwa amayi anu." Anamwa tiyi. "Koma mawu aja munalekeza pakati. Palibenso wina amene anawamva?"

"Alipo alongo anga aakulu, aNdaziona. Ndiwo ankanyamula nsengwa. Ndiwonso anawameta amayi tsiku lija."

"Ali moyo?"

"Ali moyo, kumudzi. Apitirira zaka makumi asanu ndi atatu. Maso anasiya kuona."

"Ndiye mumalankhulana?"

"Timalankhulana. Pamaliro timapatsana moni. Ndikapita kumudzi timakamba za feteleza."

Mayi Maureen anaika kapu pansi. "Mr Mbewe, ine ndakhala zaka khumi ndi ziwiri ndikuyenda m'nyumba zosungira zakale, kuyang'ana miyala, kufuna liwu limodzi lokha limene mkazi wina ananena pamadzi. Limodzi. Inu muli ndi munthu wamoyo amene ali nalo pemphero lonse m'mutu, ndipo mumakamba naye za feteleza?"

Sindinakwiye.

Anandiperekeza mpaka kusiteshoni yaikulu. Sitima yanga inali ya hafu pasiti fili, ndipo kunali kutatsala mphindi makumi awiri. Kwathu nthawi imakhala patsogolo ndi maola awiri, ndiye ndinadziwa kuti anthu abwerako kumunda. Ndinakhala pabenchi n'kuyimbira mdzukulu wa alongo anga amene ali ndi foni. Chala chinalakwitsa kawiri. Kachitatu inalowa, ndipo ndinamva nkhuku, mwana akulira, ndi mapazi akuthamangira kunyumba ina.

"Ndani?" Mawu a aNdaziona anali aang'ono kuposa mmene ndinkawakumbukira.

"Ndine Chatsalira, alongo."

Dzina limenelo anali asanalimve kwa ine chiyambire ubatizo. "Kwagwanji kumeneko? Tiyamike ali bwino?"

"Ali bwino. Alongo, pali mawu ena ndikufuna mundikumbutse." Ndinatseka khutu linalo chifukwa cha chimkuzamawu cha pasiteshoni, n'kunena mizere itatu ija. "Akazi ankayankha kuti chiyani pamenepa?"

Ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenaka ndinamva akupuma.

"Wakhala nawo nthawi yonseyi?"

"Atatu okhawa."

"Iwe, zimenezo sizinenedwa pa lamya ngati mtengo wa fodya. Wakalamba koma nzeru ulibe." Anatsokomola. "Ubwere. Ubwere ndi miyendo yako, ukhale pansi, undiuze kaye zimene unachita, pakamwa pako, ine ndikumva. Ukatero ndidzaona ngati ndikukumbukira."

"Ndibwera mwezi wa Epulo."

"Epulo," anabwereza, ngati akuyeza kulemera kwake. "Chifuwachi chandivuta dzinja lino. Usazengereze m'njira."

Foni inaduka, kapena anaipereka kwa mwana, sindikudziwa.

Pobwerera sindinaone zambiri. Mdima unatipeza tisanafike ku York, ndipo anyamata ochokera kumpira anadzaza sitima ndi nyimbo mpaka ku Leeds. Ndinasintha ku Manchester, n'kufika ku Bolton seveni koloko itangodutsa. Tiyamike anali pageti la siteshoni ndi jekete lina m'manja. Anayang'ana matope a m'mawondo anga, kenaka tinalowa m'galimoto.

"Ndiye mwaupeza mtendere wanu, adadi?"

"Ayi."

"Ndinakuuzani."

"Unandiuza. Koma ndapeza kumene uli." Ndinamufotokozera za agogo ake, zimene sindinamuuzepo chibadwire. Pakhomo anazimitsa injini, nakhala manja ali pachiwongolero.

"Tikiti yanu ya ndege yobwerera kumudzi ija imatheka kusintha," anatero. "Ndiyang'ana mawa tikabwerako kutchalitchi."

Amene mukufuna kupita ku Newcastle, ulendo wake ndi wosavuta, koma nyamulani mapeya awiri a masokosi. Anthu a pakasupe aja sindingawaseke. Akupempha pakhomo la nyumba imene inagwa iwo asanabadwe, ndipo amabwerabe, mvula ikugwa. Ine nyumba yanga sinagwe yonse. Kwatsala chipupa chimodzi, cha zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, chodwala chifuwa. M'mawa uliwonse foni ikalira m'nyumba muno ndimaima pamene ndili, kuopa uthenga wa kumudzi, mpaka nditamva kuti Tiyamike akuseka.